Anakumba phula, anabzala dambo

Kumapeto kwenikweni kwa chilumba cha Manhattan, kumene misewu ya New York imakathera m'nyanja, kuli paki ya maekala 25 yotchedwa The Battery. Anthu amangoti piringupiringu mmenemo tsiku lonse. Ena akuthamangira sitima yapamadzi yopita ku chiboliboli cha Statue of Liberty, ena akutsika pantoni ya ku Staten Island kuti akalowe ntchito. Kwa zaka zambirimbiri, mwana akakoka dzanja la amayi ake pakati pa chikhamu chimenechi n'kupempha kuti akasewereko pang'ono, ankakafikira pa kabwalo ka m'zaka za m'ma 1950, kouma gwa, kotopa ndi ukalamba. Lero mwana akafika pamalo omwewo amapeza chitunda cha miyala, khwawa la mchenga, dambo lokhala ndi tinyumba m'mwamba, ndiponso kabwalo ka zisudzo za zidole. Chimene chimandisangalatsa kuposa zonsezi n'chakuti mnzake woyenda pa njinga ya olumala sakutsalanso pampanda kulonda zikwama. Alowera limodzi, akwera limodzi, ndipo kunyumba abwerera onse ali mbuu ndi mchenga.

Malowa amatchedwa Battery Playscape. Anatsegulidwa mu Disembala 2021. Kukula kwake ndi ekala imodzi ndi theka, kutanthauza kuwirikiza katatu kabwalo kakale kaja, ndipo anadya madola 18.3 miliyoni. Za ndalamazo tikambabe kutsogoloku. Tiyambe taona kumene malowa achokera, chifukwa kukoma kwa nkhaniyi kuli pomwepo.

Munthu amene anadzaza New York ndi mabwalo a ana ndi Robert Moses, yemwe anali mkulu woyang'anira mapaki a mzindawu kuyambira 1934 mpaka 1960. Pomuweruza tisaiwale zabwino zake. M'nthawi yake munamangidwa mabwalo oposa 600, ndipo ana amene ankasewera pamsewu, kuzembana ndi magalimoto, anapeza kothawira. Vuto linali lakuti mabwalowo anali a nkhope imodzi. Pansi phula, m'mbali mpanda wachitsulo, pakati akatungwe, motsetserekera mwachitsulo, thabwa lopendamira uku ndi uku, ndi bokosi la mchenga. Basi. Akuluakulu ankawakonda chifukwa sachedwa kumanga, savuta kusesa, ndipo saonongeka msanga. Mwana akagwa, linkalipira ndi bondo lake. Dzuwa likaswa mtengo, chitsulo chinkatentha moti mwana wakabudula ankatsikapo akulira. Mayi wina wa ku Britain, Lady Allen of Hurtwood, amene anathera moyo wake wonse kumenyera ana ufulu wosewera, atayendera mabwalo a ku America mu 1965 sanapsatire mawu. Ananena poyera kuti mabwalo otere amakomera anthu a m'maofesi, koma kwa mwana ndi chizunzo. Mayi yemweyu ndi amene anadzatsogolera ntchito yotsegula bwalo la ana aulumali ku Chelsea, mu mzinda wa London, mu 1970.

Kunali ana ena amene ngakhale paphula pomwepo sankafikapo. Chotchinga chawo chinali kanthu kochepa m'maso mwa woyenda ndi miyendo iwiri: sitepe imodzi pachipata, makwerero achitsulo opita pamwamba pa motsetserekera, mphepete mwa bokosi la mchenga motalika mpaka m'katumba. Judith Heumann anakulira ku Brooklyn, kutsidya chabe kwa mtsinje kuchokera pa The Battery. Anadwala poliyo ali wakhanda, ndipo atakwanitsa zaka 5 sukulu inamubweza pakhomo, akuti njinga yake ingadzetse ngozi moto utabuka. Mwana wobwezedwayo anakula n'kukhala mmodzi wa atsogoleri a nkhondo yomenyera ufulu wa anthu aulumali ku America. Nkhondoyo inali yaitali. Mu 1984, ku Flushing Meadows Corona Park m'dera la Queens kunatsegulidwa Playground for All Children, bwalo lomangidwira dala kuti ana aulumali ndi anzawo asewere pamodzi. Mu Malichi 1990, anthu aulumali anasiya njinga ndi ndodo zawo pansi n'kukwawa masitepe a nyumba ya malamulo ku Washington, pakati pawo pali kamtsikana ka zaka 8. Pa 26 Julaye chaka chomwecho, Pulezidenti George H. W. Bush anasainira lamulo la Americans with Disabilities Act. Ndipo mu 2010 boma linakhazikitsa miyezo imene imafotokoza mwatsatanetsatane mmene bwalo la ana liyenera kumangidwira.

Miyezo imeneyi ndi yofunika kuimvetsa, chifukwa ndiyo imaonetsa nzeru za amene anakonza bwalo latsopanoli. Imati theka la zosewerera zimene zili m'mwamba liyenera kufikika kwa mwana wosatha kuyenda. Zikakhala 20 kapena kuposa, gawo limodzi mwa magawo 4 liyenera kufikika pa njira yokwera pang'onopang'ono, yoti njinga iyendemo yokha popanda mwana kutsikapo. Njira yoteroyo siyenera kuchita chiphiri: kuti ikwere mita imodzi, iyenera kutalika mamita 12. Tawerengani nokha. Mukafuna kuti mwana wapanjinga afike pamwamba pa mamita 3, mufunika njira ya mamita 36, osawerengera malo opumirapo. Pabwalo lathyathyathya la phula, njira yotere imasanduka chimlatho chachitsulo chokhotakhota chimene chimadya malo, chimanyansa, ndipo amayendapo ndi mwana mmodzi yekhayo, anzake onse atadutsa pamakwerero kalekale. Lamulo lakwaniritsidwa, koma mwanayo akadali yekha. Tsono muike phiri pamalo omwewo. Njira ya mamita 36 ija imangozungulira phirilo, kudutsa pakati pa miyala ndi zitsamba, ndipo aliyense amafuna kuyendamo chifukwa ndiyo njira yokoma. Apa m'pamene chilengedwe ndi chilungamo zimagwirana chanza. Anthu ambiri amaganiza kuti bwalo lokomera ana aulumali liyenera kukhala losalala, lopanda mwala kapena matope. Ine ndikuti ayi. Phiri loumbidwa mwanzeru limalandira ana ambiri kuposa simenti yoyala bwino.

Paki ya The Battery inadutsa m'mavuto akeake. Inatsekedwa kuyambira 1940 mpaka 1952 pamene ankakumba msewu wapansi pa madzi wopita ku Brooklyn, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 inali itatheratu: udzu wapsa ndi mapazi, mabenchi othyoka, anthu ongodutsa mwaliwiro osafuna kukhalitsa. Mu 1994 mayi wina dzina lake Warrie Price anayambitsa bungwe la Battery Conservancy kuti, mogwirizana ndi dipatimenti ya mapaki ya mzindawu, adzutse malowa. Anayamba ndi gombe, kenako minda. Anaitana Piet Oudolf, katswiri wa zomera wa ku Netherlands, amene amabzala udzu ndi maluwa osatha mwa njira yoti uziona ngati zinamera zokha. Mu 2011 anatsegula munda wa ndiwo zamasamba umene ana asukulu amalimamo. Mu 2015 anatsegula SeaGlass Carousel, chozungulira chimene mwana amakhala m'kati mwa nsomba yowala, imodzi mwa nsomba 30, pokumbukira kuti kuyambira 1896 mpaka 1941 pakiyi inali ndi nyumba yoonetsera zamoyo za m'nyanja. Bwalo la ana ndilo linatsalira m'mbuyo. Mu 2007 kunamveka kuti Frank Gehry, katswiri wotchuka wojambula mapulani a nyumba, ndiye adzalikonza, koma pulani imeneyo sinamangidwe. Kudikira kunapitirira.

Kenako kunabwera namondwe Sandy. Usiku wa pa 29 Okutobala 2012, mphepo inakankhira nyanja m'doko la New York pa nthawi imene madzi anali atakwera kale. Chipangizo choyezera madzi pa The Battery chinaonetsa mamita opitirira 4, msinkhu umene unali usanalembedwepo pamalowa. Madzi amchere analumpha khoma la gombe, anadzaza paki, anatsikira m'msewu wapansi wa ku Brooklyn uja, anamiza siteshoni ya sitima zapansi ya South Ferry imene inali itangotsegulidwa mu 2009. Siteshoniyo sinatsegulidwenso mpaka mu Juni 2017. Mu mzinda wonse munafa anthu oposa 40, ndipo kum'mwera kwa Manhattan kunali mdima kwa masiku angapo.

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo pa The Battery mawuwa ndi mbiri yeniyeni. Nthaka yambiri ya pakiyi ndi yochita kuthira. Linga la Castle Clinton, limene linamangidwa pakati pa 1808 ndi 1811, linaima m'madzi, anthu ankapitako pamlatho. Lero lili pamtunda pakati pa mitengo, chifukwa kwa zaka zambiri anthu ankathira dothi ndi zinyalala m'nyanja mpaka gombe linasuntha. Usiku wa Sandy nyanja inangobwerera pamalo ake akale.

Atauma madzi, funso linasintha. Silinalinso lakuti tiike zosewerera zotani, koma lakuti timange chiyani pamalo amene tikudziwa kuti adzamiranso. Makampani awiri a ku New York komweko, BKSK Architects ndi Starr Whitehouse Landscape Architects, anapereka yankho limene ndimalikonda kwambiri: timange bwalo loti limire, liume, ana abwerere. M'malo molimbana ndi madzi anawakonzera njira. M'malo mobisira ana nkhani ya madzi anaisandutsa masewero. Anagawa malowo m'zigawo 5 potsanzira nthaka imene madzi amaumba m'chigwa cha mtsinje wa Hudson: chitunda, khwawa, dambo, mulu wa mchenga wa kugombe, ndi thengo la udzu ndi maluwa. Anakumba zouma zija, anabweretsa dothi ndi miyala ikuluikulu, anabzala zomera zopirira mchere. Pamene panali pathyathyathya panatukuka, pamene madzi ankangothamanga panakhala poti aime.

Ana ambiri akangolowa amalunjika kuchitunda, ndipo sindingawadzudzule. Pali motsetserekera 5 mosemedwa pa mwala wolimba wa granite, wosalala bwino. Mwala suchita dzimbiri ngakhale umire m'madzi amchere, ndipo uli ndi ubwino wina umene anthu ambiri saudziwa. Motsetserekera mwa pulasitiki mumaunjika timagetsi tija timathetheka ukakhudza munthu, ndipo timeneti timatha kusokoneza kachipangizo kothandiza kumva kamene madokotala amaika m'khutu mwa ana ena osamva. Makolo ambiri amayamba avula mwana kachipangizoko asanatsetsereke, ndiye kuti mwanayo akusewera osamva anzake. Pamwala vuto limeneli limachepa kwambiri.

Taganizirani mtsikana wa zaka 9 wafika pamenepa ndi mchimwene wake. Mnyamatayo waona miyala, wayamba kale kukwera ndi manja ndi miyendo. Mtsikanayo wagwira matayala a njinga yake, walowa m'njira yokhota. Akupalasa, mapewa akugwira ntchito, udzu wautali ukumukwapula m'mikono, wakhota kamodzi, wakhotanso, ndipo kumbuyo kwake kwadza ana ena atatu amene aona kuti njirayi ndi yabwino kuchitiramo mpikisano. Wafika pamwamba. Kuchokera pamenepo akuona mitu ya anthu pansi, chinthu chimene mwana wokhala panjinga sachiona kawirikawiri, pakuti moyo wake wonse amayang'ana anthu chokweza maso. Wamanga mabuleki, wagwira m'mphepete, wasamutsa thupi lake kuchoka panjinga kufika pamwala, wakoka miyendo ndi manja n'kuilunjika kutsogolo. "Achimwene, tsikani nayo njingayi, tikumana pansi!" Mnyamata asanayankhe n'komwe, mlongo wake wapita kale, psiti, tsitsi lili m'mwamba, kukuwa kwake kukumveka mpaka kumsewu. Mnyamatayo akutsika chothamanga ndi njinga yopanda munthu. Pansi akupeza mlongo wake akuseka chikhakhali. "Tibwerezenso!" Amayi awo ali pabenchi, ndipo palibe amene wawaitana kuti adzanyamule munthu.

Zimenezi n'zimene ndikutanthauza ndikamati bwalo lalandira mwana. Si kumuikira kampando kapadera pakona, kopakidwa utoto wabuluu. Ndi kumupatsa msinkhu, liwiro ndi kamantha pang'ono, zinthu zimene mwana aliyense amazifuna. Ana aulumali amatetezedwa mopitirira muyezo kulikonse kumene apita, kunyumba, kusukulu, kuchipatala. Pabwalo ayenera kupeza mpata woyesa mphamvu zawo.

Khwawa ndilo mtima wa malowa, ngakhale lilibe phokoso la chitunda. Kumtunda kuli mchenga ndi madzi oseweretsa, kumene ana amakumba ngalande, kutseka ndi mchenga, kudikira madzi adzaze, kenako n'kugumula dala kuti aone mmene akuthamangira. Palibe munthu amene amawaphunzitsa. Mwana wa zaka 4 amene waona damu lake likugumuka kachitatu amayamba yekha kulimangira chikulu pansi, chochepa pamwamba. Kudutsa m'bwalo lonse muli ngalande zobzalidwa zomera, zokhala ndi timilatho. Tsiku louma ndi minda chabe. Mvula ikagwa, madzi ochokera m'njira ndi m'zitunda amatsikira mmenemo, mizu ndi dothi zimawachedwetsa, ena amalowa pansi, otsala amakasungidwa m'thanki yaikulu yokwiriridwa, imene imawatulutsa pang'onopang'ono mvula itakata. Kuchedwetsa kumeneku kuli ndi phindu lalikulu. M'madera ambiri a New York, paipi imodzi ndiyo imanyamula madzi amvula pamodzi ndi zonyansa za m'nyumba. Mvula ikachuluka mapaipi amadzaza, ndipo zosakanikiranazo zimakhuthukira m'mitsinje ndi m'doko. Dontho lililonse limene bwalo la ana laligwira kwa maola angapo ndi dontho limene silinathandize kukankhira zonyansa m'nyanja. Mwana woima pakamlatho atavala jombo, kuyang'ana madzi akuyenda pansi pa mapazi ake, akuona ndi maso ake ntchito imene m'mizinda yambiri imabisika pansi pa msewu.

Pano ndiyenera kunena chilungamo: mchenga ndi mdani wa matayala. Timatayala takutsogolo ta njinga timatitimira, ndodo imaterereka, ndipo mwana amene amayenda ndi chogwiririra amaima pomwepo. Palibe katswiri amene anathetseratu mkangano umenewu pakati pa nthaka yofewa imene ana amaikonda ndi nthaka yolimba imene njinga imafuna. Chimene okonza mabwalo aphunzira n'chakuti njira yolimba izifika mpaka pamphepete penipeni pa mchenga ndi madzi, kuti dzanja lifike ngakhale tayala lisalowe, ndiponso kuti pansi pa zokwera aziyala mphira wofewa m'malo mwa tizidutswa ta mitengo timene timamwazika. Mwana amene akufuna kutsika panjinga n'kukhala mumchenga momwemo, atsike. Zovala zimachapidwa.

Kudambo kuli tinyumba 7 ta m'mwamba, tolumikizana, toima pakati pa zomera ngati nsanja zolondera mbalame m'munda wa mpunga. Ana amabisalamo, amaitanizana, amalamulana kuti uyu ndi mfumu uyu ndi mlonda. Kumulu wa mchenga kuli khoma lokwera. Kuthengo la maluwa kulibe chosewerera chachitsulo chilichonse chokopa maso, ndipo ndi dala. Pali ana amene phokoso ndi chipwirikiti zimawalemera, monga ena a otizimu. Pabwalo lakale, mwana wotere akatopa ndi phokoso njira inali imodzi, kutuluka pachipata n'kumapita kwawo. Pano angathe kupatuka pang'ono, kukhala pansi pakati pa udzu, kuyang'ana njuchi ikulowa m'duwa, mtima n'kukhala m'malo, kenako n'kubwerera kwa anzake. Mwana wosaona naye ali ndi zambiri zomuuza pamene ali. Phazi limasiyanitsa thabwa, mwala ndi mchenga. Khutu limamva kumene kuli madzi. Dzanja limadziwa kuti tsamba ili ndi lokhakhala, ili ndi losalala. Phula ndi limodzimodzi kuyambira pachipata mpaka kumpanda, siliuza phazi kanthu.

Ndiye pali ShowBox, kabwalo ka zisudzo kamene kanakonzedwa mothandizidwa ndi Jim Henson Foundation, bungwe la dzina la munthu amene anapanga zidole za Muppets. Akatswiri a zidole amadzaonetsapo masewero, koma nthawi zambiri eni ake ndi ana. Chinthu chimenechi chimaoneka chaching'ono poyerekeza ndi miyala ikuluikulu ija, komabe ndikuona kuti amene anachiganiza ankawadziwa ana. Si masewero onse amene amafuna miyendo. Pa masanje, amene amatsogolera si wothamanga kwambiri, koma wodziwa kupeka nkhani. Mwana amene pampikisano wokwera khoma amatsalira, pano angathe kukhala amene akugawa maudindo: iwe ukhala nkhanu, iwe ukhala namondwe, inu nonse khalani pansi muonere. Wamanyazi amabisala kuseri n'kulankhulitsa chidole mawu amene iye mwini sangawatulutse pagulu.

Pali gulu lina limene limaiwalika tikamakamba za mabwalo otere, ndilo la akuluakulu. Bambo woyenda panjinga nayenso ali ndi mwana wa zaka 3 amene amathawira pamwamba pa chitunda n'kukana kutsika. Agogo oyenda ndi ndodo nawonso amafuna kuona chimene mdzukulu akuwaitanira. Mayi wokankha mwana wakhanda pachikuku sangasiye khandalo pansi kuti atsatire wamkulu. Njira yokwera pang'onopang'ono ija imatumikira onsewa popanda kuwafunsa kuti vuto lawo n'chiyani. Kale kholo laulumali linkaonerera mwana wake kudzera m'mipata ya mpanda. Lero mdzukulu akakuwa kuti, "Agogo, bwerani mudzaone damu langa!" agogo amanyamuka, n'kufikadi.

Tsopano za ndalama zija. Madola 18.3 miliyoni ndi chuma chambiri pa ekala imodzi ndi theka. Gawo lalikulu linachokera ku mabungwe awiri a boma: Lower Manhattan Development Corporation, limene linakhazikitsidwa kuti limangenso dera lino pambuyo pa chiwembu cha pa 11 Sepitembala 2001, ndi Metropolitan Transportation Authority, limene limayendetsa sitima zapansi ndipo linakumba m'pakiyi pomanga siteshoni ya South Ferry. Kumanga ku Manhattan n'kodula, makamaka pamalo pamene pansi pake padutsa misewu ndi njanji. Nkhondo ndi nyanja nayonso sinathe. Mu 2024 mzindawu unayamba ntchito ina yaikulu yokweza gombe la The Battery ndi pafupifupi mita imodzi ndi theka, chifukwa nyanja ikukwerabe. Bwalo la ana silingaletse zimenezo, ndipo silinamangidwire kuletsa. Linamangidwira kuti tsiku limene madzi adzalowenso, akadzaphwa anthu adzatsuke matope pamiyala n'kutsegula chipata.

Koma chimene chadula ndi malo, osati nzeru. Kuumba chitunda ndi dothi, kuzunguliza njira ya mita imodzi pa mamita 12, kusiya khwawa kuti likhale khwawa, kubzala zomera zimene zimapirira nthaka ya pamalopo, kusiya kakona kachete: zimenezi khonsolo ya mzinda uliwonse ingazikwanitse ikafuna. Owerenga a ku Blantyre amene anaona zimene namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023 safunika kuuzidwa kuti madzi amafuna njira yawo. Ndipo dziko la Malawi linavomereza mu 2009 pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, limene ndime yake ya 30 imanena kuti ana aulumali akhale ndi mwayi wosewera wofanana ndi wa anzawo. Tsono inu makhansala ndi akatswiri a mapulani a mizinda, tsiku limene mudzakhale pansi kujambula bwalo la ana, musadzayambe ndi buku la mitengo ya akatungwe. Mudzayambe mwapita pamalopo mvula ikugwa kuti muone kumene madzi akulowera, ndipo ulendo wachiwiri mudzapite ndi mwana wapanjinga, iye patsogolo inu pambuyo.

Ndipo inu amene mwayi udzakufikitseni ku New York muli ndi ana, kwerani sitima yapansi ya nambala 1 mpaka kumapeto kwake ku South Ferry. Mukatuluka pasiteshoni bwaloli lili pafupi pomwepo, m'mbali mwa State Street. Kulowa n'kwaulere. Muwatengere zovala zosinthira.